Bambo a Tamanda anatsatira nsomba m'dziwe

Anzanga, usiku wathawu ndinalota maloto amene andiumitsa thupi mpaka pano. Kwa amene simundidziwa, amuna anga, bambo a Tamanda, amaperekeza alendo kokawedza nsomba za tirauti pamwamba pa phiri la Zomba. Nsombazi saziwedza ndi nyongolotsi. Amamanga tinthenga pambedza kuti izioneka ngati kachilombo kogwera m'madzi, ndipo womanga tinthengato ndine, ndi nthenga za nkhanga ndi za tambala. Koma kumtsinjeko sindinapondeko ndi kamodzi komwe.

M'malotomo ndinali komweko. Inali nyengo ngati ino, kumapeto kwa chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Mtsinje wa Mulunguzi unali utaphwa, miyala ili pamtunda itayera mbee, madzi akungoyenda kamzere pakati, oyera moti mchenga wapansi umaoneka. Bambo a Tamanda anali patsogolo atavala malaya awo oyera a kutchalitchi, ndodo yowedzera ili m'manja, kuphazi kulibe nsapato.

Anacheuka n'kundinong'oneza kuti, "Mayi a Tamanda, weramani. Madzi akachepa chonchi nsomba zimaona chilichonse. Chithunzithunzi chanu chisagwere m'madzi."

Ndiye tinayamba kukwawa ndi maondo kulowera kumtunda, poti amati tirauti imayang'ana kochokera madzi, umayenera kuidzera kumbuyo. Nditapisa dzanja m'madzimo ndinapeza ali ofunda ngati osambitsira khanda. Ndinawauza. Iwo anangoti, "N'chifukwa chake zathawira kudziwe," osandiyang'ana n'komwe.

Kenako tinangopezeka tili padziwe lalikulu kunsi kwa mathithi, koma mathithiwo anali zii, madzi akugwa popanda phokoso. Mitengo ya paini mbali zonse inali itapsa, zitsa zikufukabe utsi. Pamthunzi wa thanthwe panali tirauti zambirimbiri zitandanda, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe yoyang'ana kumtunda. Zonse zinkayang'ana ife, kukamwa kuli yasa.

Bambo a Tamanda anati ulusi wa kumapeto kwa chingwe wanenepa, nsomba ziuona, ndiye anandipempha tsitsi. Ndinakoka limodzi m'mutu mwangamu, linatuluka lalitali losatha, iwo n'kulimangirira kuchingwe. Kenako anati ndiwapatse nyambo yonga chiwala, poti nyengo ino ziwala ndi zimene zimagwera m'madzi. Nditatsegula kachitini kanga, tinyambo tonse timene ndinamanga tinali tamoyo, tikuyendayenda, kena n'kundiluma chala. Ndinawapatsa komweko, magazi ali chuchuchu.

Anaponya kamodzi kokha. Chingwe chinapita kumbuyo, n'kubwera kutsogolo mofatsa, nyambo n'kutera pamadzi osachita ngakhale kafunde. Nsomba zonse zija zinapatukira m'mbali, monga timachitira pamsewu maliro akamadutsa. Ndiye pansi penipeni panatuluka imodzi yakuda, yaitali ngati chitseko. Sinathamange ayi. Inangobwera, n'kumeza nyambo ija, n'kutembenuka kubwerera kwakuya.

Amuna anga sanakoke. Anayamba kuitsatira, madzi m'maondo, kenako m'chiuno.

Ndinati, "Bambo a Tamanda, isiyeni izipita."

Anayankha akuyendabe, "Ndikalimbana nayo m'madzi otentha chonchi ifa. Ndingoiperekeza."

Apa m'pamene ndinamva mkokomo kumtunda, ngati lole yolemera ikutsika phiri. Kumwamba kunalibe mtambo, koma pansi pankanjenjemera. Masamba ouma ndi tizitsotso tinayamba kudutsa pamadzi, madziwo n'kuyamba kufiira ngati katondo. Ndinadziwa kuti mtsinje wadzaza kumtunda ndipo ukubwera. Ndinafuna kukuwa, mawu osatuluka.

Kenako ndinamva mutu wanga ukukokedwera kudziwe. Tsitsi lija silinazuke, linali likadali m'mutu mwanga, mbali ina lili kwa iwo ndi nsomba yawoyo. Ndinayamba kukhwekhwereka pamiyala, maondo akusupuka. Ndinaliika pamano kuti ndilidule, koma ndinaona kuti ndikatero ndiye kuti ndawataya. Madzi anali atawafika m'khosi, kukungooneka kolala ya malaya ndi dazi lawo. Ndinakulunga tsitsilo kudzanja, ndinaponda mwala kuti ndikoke ndi mphamvu zanga zonse, madzi ofiira aja n'kutulukira pamwamba pa mathithi atanyamula mitengo yathunthu.

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu, kunja kutayera kale. Pambali panga panalibe munthu. Mwana wathu Tamanda, amene anali kusesa pabwalo, anandiuza kuti bambo ake alawirira m'mbandakucha ndi alendo, poti kukatentha amawedza dzuwa lisanakwere, ndipo anati asandidzutse. Ndayesa kuimba foni, koma kumtsinjeko netiweki kulibe. Pano ndili pakhonde ndikuyang'ana kuphiri, ndipo kumeneko kwayamba kuda ndi mitambo ya mvula.

Inu amene mumatha kumasulira maloto, ndithandizeni. Mnzanga woyandikana naye nyumba wangoseka, akuti kulota nsomba ndi pakati, koma pamsinkhu wanga uno zimenezo ayi. Nanga madzi ofiirawo akutanthauza chiyani? Ndiuzeni msanga, ndikwere kabaza ndiwalondole, kapena ndikhale pansi ndidikire.