Makalata obwera ndi usipa

Zomasulira Chichewa kupita m'Chingerezi ndinkachita ngati ganyu chabe. Ntchito yanga yeniyeni inali ya mulaibulale ya payunivesite ku Manchester, ndipo ndinkadzimva nayo, ndisaname. Loweruka lina loya wina anandiitana ku Bradford kuti ndikamasulire makalata a mayi wa kwathu amene ankapempha kukhala m'dziko muno ngati wothawa kwawo. Anali wamng'ono kwa ine, telala wa ku Zomba. Anathawa abale ake atadziwa kuti amakondana ndi mkazi mnzake. Pempho lake loyamba a boma analikana, ati palibe umboni. Nkhani inali kupita kwa jaji, ndipo akaluza, basi, akwera ndege kubwerera kwawo.

Umboni wa chikondi! Inu muli pabanjanu, atakufunsani lero mungatulutse chiyani, chidindo?

Umboni wake unali makalata angapo onunkha usipa. Wokondedwa wakeyo anatsala m'manja mwa mchimwene wake, foni anamulanda. Choncho makalata ankabwera m'masutikesi a anthu ochokera kumudzi, pakati pa usipa ndi nyemba, ndipo ankadutsa m'manja mwa amayi a kumpingo atatu kapena anayi. Amayi a kumpingo ndimawadziwa ine. Envelopu kwa iwo si chitseko. Wolembayo ankadziwanso, ndiye ankalemba ngati woyenda paminga, mawu ake onga awa: Makina ako osokera sindinagulitse, ndimawathira mafuta. Ndimaphikabe za anthu awiri, dzanja likukana kuphunzira. Juzi yako yobiriwira ndimavala ngakhale kukutentha. Ndinawerenga, n'kumasulira momwe analili.

Muofesimo munalinso mtsikana wachizungu wodzipereka kuthandiza othawa kwawo. Kuyunivesite kwake ankafufuza makalata a mayi wina wolemba ndakatulo amene anamwalira kalekale, makalata olembera mkazi mnzake. Buku la makalatawo ankayenda nalo ngati Baibulo, timapepala tamitundumitundu titatulukira m'mbali. Anatiwerengera pang'ono. Munali moto, munali kukomoka, munali kupsompsona pepala ndi kutumizirana tsitsi. Aa, koma abale! Munthu wokhala ndi chipinda chakechake, wantchito womuphikira tiyi, ndi kalata yosatsegulidwa panjira, alekerenji kukomoka? Nthawi anali nayo.

Atamva kumasulira kwanga, mtsikanayo anakwinya nkhope.

"Ndi ozizira," anatero. "Jaji anazolowera chikondi chonga cha m'bukumu. Pamene akuti amaphikabe za anthu awiri, simungalembe kuti akufa ndi chikhumbo? Tanthauzo lake ndi lomwelo."

Ndinakwiya. Mwana wa dzulodzuloyu, woti Chichewa sadziwa ndi moni yemwe, andiphunzitse ine tanthauzo? Afuna mkazi wa ku Zomba avale diresi la mzungu wakufa kuti aoneke munthu?

"Ine ndimamasulira, sindipeka," ndinamuyankha. "Ngati jaji wanuyo samva chikondi m'mawu awa, vuto ndi makutu ake. Ndakatulo zanuzo kawerengereni anzanu."

Ndinamusambwadza mpaka anafiira makutu, loya n'kumangoyang'ana m'mafayilo. Loyayo anati zili kwa ine, popeza wosayina kuti ndamasulira moona ndine. Ndinasayina monyada, osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Mwini makalata anakhala pakona nthawi yonseyo, manja pamiyendo, osayankhula. Sindinamufunse kanthu. M'sitima pobwerera ndinkangobwereza mawu anga aja, kudzikomedwa.

Chaka chomwecho laibulale yathu inaika pachionetsero makalata akale a mtundu womwewo, m'mabokosi agalasi, magetsi ochepetsedwa kuti inki isafufuke. Mapulofesa ankaima pamenepo maola, kutsutsana ngati "bwera msanga" akutanthauza chikondi. Onse ankavomera kuti inde, ena mpaka kupukuta misozi. Wakufa amamukhulupirira ndi mawu awiri. Ndinkawadutsa ndi tirole yanga ya mabuku ndikutsonya.

Kukhoti ndinapita. Jaji anali bambo waulemu, wa ulemu uja wokupha uku akumwetulira. Anawerenga za makina, za juzi, n'kufunsa mayiyo chifukwa chake m'makalata onsewo mulibe mawu oti ndimakukonda. Mayiyo anafotokoza za masutikesi ndi amayi a kumpingo. Jaji anagwedeza mutu, n'kulemba. Patapita masabata yankho lokana linabwera: makalata otere munthu angathe kulembera mchemwali wake kapena mnzake wapamtima. Zoona? Mchemwali wanga ine sanavalepo juzi yanga mu Okutobala.

Makalata enieni anali adakali kwa ine, ndiye ndinapita ku Bradford kukabwezera mayi uja. Tinakumana pamalo odikirira basi, kamvula kakuwaza. Ndinayamba kulalata pomwepo, kutukwana jaji, kutukwana mtsikana uja ndi wandakatulo wake, dziko lonse la anthu ophunzira koma osamva. Ndinamuuza kuti ngakhale zatero, mutu wathu tauimika, sitinagulitse mawu a munthu wake.

Anandisiya ndimalize. Analandira makalata, n'kuwaika mkati mwa jekete.

"Achemwali," anatero motsitsa, "inu mapepala okhalira m'dziko muno muli nawo?"

"Ndili nawo."

"Ndiye mutu mwaimikawo ndi wanu." Anayang'ana kumene basi inkachokera. "Ine tsiku lija ndinkangopemphera kuti munameko pang'ono. Koma munali mutakwiya kwambiri, ndinaopa kukudulani mawu."