Sipika ya Kuseri kwa Shopu ya Kalisto

Pa Mponela palibe amene sadziwa Kalisto wa masipika, koma amene anamvapo mawu ake ndi owerengeka. Anatsika kumapiri a Ntchisi ali mnyamata, nayamba kukonza mawailesi pakhonde la sitolo, mpaka lero amakhoma yekha masipika a bulutufu m'mabokosi a matabwa. Munthu wopanga zaphokoso, mwini wake duu! Ukamupatsa moni amangokweza nsidze.

Ife anansi tinazolowera. Amene anatopa ndi mkazi wake, Tabita, make Pemphero. "Ndinakwatiwa ndi chitsa ine," ankatero potsuka mbale. Chaka chatha atakolola mtedza analongedza chikwama, nalengeza kuti Loweruka akubwerera kwawo ku Nachisaka. Kalisto anakweza nsidze. Ine zinandinyansa, ndinafuna kumugwira m'mapewa ndi kumugwedeza.

Sabata yomweyo kampani ina ya ku Lilongwe inafuna masipika ake, koma inati ayambe akhoza mayeso kuti apeze satifiketi. Inamutumizira pulogalamu yoyesera masipika, yopanda zithunzi, pa laputopu pakuda bii, iwe kumalembapo malamulo. Umasankha sipika, umajambula mawu ako pang'ono, pulogalamu n'kumawatumiza kusipikako mobwerezabwereza kuti ione ngati akudukiza.

Tsoka lake, Kalisto sipika iliyonse amaipatsa dzina limodzi, KALISTO. Ngakhale ija anapangira mkazi wake yomvera kwaya, imene imakhala pawindo la nyumba yawo kuseri kwa shopu.

Lachisanu masana anatseka chitseko cha shopu, nasankha KALISTO pa laputopu, n'kujambula zimene zinali kumtima, poganiza kuti limva ndi bokosi lokha limene ankaliyesa. Anadina batani. Bokosi la patebulo linangoti zii. Iye n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto.

Kuseri, ife amayi a kwaya tinkathandiza Tabita kuswa mtedza. Mwadzidzidzi sipika ya pawindo inabangula: "Make Pemphero, musapite. Popanda inu nyumbayi ndi chigoba. Make Pemphero, musapite." Nkhuku zinabalalika. Ife tinagwa nako kuseka, koma Tabita anangogwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Kunena zoona, nanenso kuseka kunandithera.

Anadzuka kukagogoda pashopu, ife pambuyo pake. Kalisto anatsegula sikuludiraiva ili m'manja, akadafufuza chomwe chavuta pabokosi lake. Kuseri mawu aja akadabwerezabe, ndipo atawamva anatuwa.

"Makina anu ndawamva, sakudukiza ngakhale pang'ono," anatero Tabita. "Tsopano nenani ndi pakamwa panupo, bambo a Pemphero."

Kalisto anatiyang'ana tonse. Nsidze zinayamba kukwera, kenako zinatsika. "Musapite," anatero, mawu akudukiza kuposa sipika yonyowa ndi mvula.

Mayeso aja anachita kubwereza Lolemba, poti anayesa sipika yolakwika. Koma Loweruka m'mawa ndinaona Tabita akukhuthula zovala m'chikwama chija, n'kuthiramo mtedza wa mbewu.