Kukaona Nyumba Zoyandama pa Chilwa

Tinanyamuka pa Songani dzuwa lisanatenthe, Loweruka lina la Okutobala, pa kagalimoto ka mlamu wanga komwe sikalira popanda kukankhidwa. Amuna anga ndiwo ankayendetsa. Kumbuyo kunali mwana wathu Tadala, wa zaka zisanu ndi zinayi, atakwinya nkhope.

Ulendowu ndinauumiriza ndine. Tili ana, malemu bambo anga ankatigoneka ndi nkhani za zimbowera, tinyumba ta asodzi tomangidwa pa udzu woyandama m'kati mwa nyanja ya Chilwa. Ankati ukagona pano, mphepo ikaomba, umadzuka uli kwina. Inenso ndinkamugoneka Tadala ndi nkhani zomwezo. Tsiku lina anazilemba m'chimangirizo kusukulu, aphunzitsi n'kulembapo ndi cholembera chofiira kuti alembe zoona. Anzake anamuseka sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo, ndikangoyamba nkhani ankafunda kumutu. "Mumanama, amayi," anatero. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinalumbira kuti akaona ndi maso ake.

Pa Matawale tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi. Cha m'ma 9 koloko, tikuyandikira pa Govala, tayala linaphwa. Amuna anga akulimbana ndi jeke, ine ndinagula chinangwa chophika kwa mayi wina pansi pa mtengo wa mango.

"Wa kuti ulendo?" anafunsa mayiyo.

"Ku Kachulu, kunyanja."

"Iii, chaka chino madzi athawa, mayi. Mukangoona matope."

Amuna anga anamva. "Amake Tadala, tiyeni tibwerere. Tikamanga lapaderali, tayala lina tilibe."

"Bwererani nokha," ndinatero. "Ife tipita wapansi."

Anapukusa mutu, koma anamanga tayala lija. Tinadutsa minda ya mpunga ya ku Likangala, yobiriwira pakati pa dziko lowauka, ndipo masana tinafika pa doko la Kachulu. Mayi uja sananame. Nyanja inali kutali, mabwato ambiri ali gone pamatope. Kunangotsala kangalande kamadzi ofiirira. Mwini bwato wina, a Namalomba, anatchula K15,000. Ndinawaumiriza mpaka anatsika pa K10,000, akudandaula kuti akazi a ku Songani ndi ouma manja.

Anakankha bwatolo ndi nsungwi yaitali pafupifupi maola awiri. Dzuwa linatiwamba ngati matemba. Mbali zonse kunali njedza zokhazokha, udzu wautali wa m'nyanjamo. Apa ndi pamene Tadala anatsegula pakamwa.

"Amayi, inuyo munaziona kale nyumbazo?"

"Ayi, mwanangu. Ndinangomva kwa agogo ako."

Amuna anga anandiyang'ana. Mantha anandigwira. Bambo ankakonda kuthira mchere pankhani, nanga bwanji ngati izinso anangopeka kuti tigone msanga?

Kenako tinaona utsi. Pokhota, tinatulukira pa kanyumba ka udzu, pakhomo pali mkulu wina akuwamba milamba. A Namalomba anamupatsa moni n'kutiuza kuti titsike. Tadala ndiye anayamba kuponda. Pansi panabonyoka ngati matiresi, madzi n'kutulukira pakati pa zala zake. Anakuwa, kenako anaseka n'kudumphanso dala.

"Agogo," Tadala anafunsa mkuluyo, "n'zoona kuti mumagona pano n'kudzuka kwina?"

"Ukaiwala kukhoma nsungwi pansi, eya," anayankha akutembenuza nsomba. "Ine ndinadzukapo ndili pafupi ndi chilumba cha Chisi, anzanga akundifuna kuno."

Tadala anatembenuka kuti andiuze, koma anapeza ndikulira. Ndinabwera kudzayeretsa dzina langa pamaso pa mwana, osadziwa kuti zaka zonsezi inenso mumtima ndinkawayesa bambo anga abodza. Ndinachita manyazi, komanso ndinawasowa kuposa tsiku lomwe tinawaika.

Pobwerera, matope ali mpaka m'mawondo, Tadala anandikoka chitenje. "Amayi, dzina lonse la agogo linali ndani? Lolemba ndikalembanso, ndikaika ndi dzina lawo."