Ndinayeza Kuwala pa Nkhope ya Amayi

Anzanga, Lyford ndinakumana naye pa siteji ya Ulongwe mu 2016, chaka chomwe tinkawiritsa mango aawisi n'kumati tadya. Ine Zuhura ndinali nditakoleka m'khosi kamera yakale ya malemu bambo anga. Iye anatsika minibasi ndi zikwama ziwiri.

"Asisi, kamera imeneyo imagwira ntchito kapena ndi mkanda?"

"Imajambula anthu aulemu okhaokha," ndinamuyankha.

Anaseka mpaka kugwira bondo. Mtima wanga unayamba kupusa pomwepo.

Lyford ankajambulira bungwe lina logawa chimanga. Ananditenga kuti ndizimuthandiza, ndipo mwezi usanathe tinali pa chibwenzi. Anthu ankaonda, ine ndikunenepa ndi ma "good morning babe". Musandiseke.

Tsiku lina ku Balaka anandionetsa pa foni timamita tiwiri toyezera kuwala, tomwe mnzake ankabwera nato kuchokera ku Joni. Kamita kotere umakaika pafupi ndi nkhope ya munthu, fulashi ikang'anima kamakuuza nambala yoika pa kamera.

"Sankha iwe, ndiwe uzikagwira," anatero. "Aka n'ka waya. Aka ukadina kamayatsa fulashi ili patali, wireless."

"Kabwino n'kati?"

"Ka waya sikavutavuta. Koma waya amakola miyendo ya anthu pamzere, aliyense n'kudziwa kuti tikumujambula. Akayamba kudzikonza, chithunzi chawonongeka."

Ndinasankha ka wireless. Mawu omalizawo sindinawaganizire, ndinali busy kuyang'ana kumwetulira kwake.

Kamita katafika tinapita kogawa chimanga ku Utale, kwathu. Amayi anga, Abiti Salimu, ndi Asilamu olimba. Chibadwire sindinawaonepo pagulu opanda mpango kumutu.

"Amayi akhala pamzere lero," ndinamuuza m'galimoto. "Chonde usawajambule."

"Apongozi anga? Iyayi, never!"

Amayi atangolandira, thumba lawo linang'ambika, chimanga n'kumwazika m'fumbi. Anthu anayamba kuchiponda. Analibe pothira. Anavula mpango, n'kuuyala pansi, n'kuyamba kutoleramo. Ndinathamanga kukawathandiza, kamita kali m'manja.

Lyford anakuwa ali patali: "Zu, dina kamodzi pomwepo! Ndingofuna nambala, ndijambula abambo ali kumbuyowo!"

Ndinadina pafupi ndi tsaya la amayi. Fulashi yomwe tinaimika pansi pa mtengo inang'anima.

"Eight!" ndinakuwa, n'kugwada kutola chimanga.

Inang'animanso kawiri. Sindinacheuke n'komwe, ndinkamukhulupirira.

Patatha milungu itatu msuweni wanga Swaibu ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, n'kulemba kuti, "Awa si azakhali?"

Anali amayi. Atagwada m'fumbi, mutu uli pamtunda, imvi zonse poyera. Ine anandidula, linangotsala dzanja. Chithunzicho chinali chitazungulira kale pa Facebook. Ndipo chinawala bwino zedi, khwinya lililonse likuoneka, chifukwa kuwalako ndinayeza ndine.

Lyford ndinakamupeza kumene ankachita lendi ku Balaka.

"Lyford, unandilonjeza!"

"Babe, tamvera. Chithunzi chimenechi chagwedeza anthu akunja, chimanga china chikubwera. Kumeneko sawadziwa."

"Ku Utale amawadziwa! Kumzikiti aona onse!"

"Aaa, Zu... nkhani ya mpango chabe?"

Chabe! Ndinaika kamita kake patebulo n'kutuluka. Sananditsatire, ndipo mpaka pano sanapepese.

Koma kutha kwa chibwenzi si kumene kumandiliza.

Mwezi wotsatira lole ya chimanga itabweranso, amayi anakana kupita. Khadi linali m'dzina lawo, ndipo ogawa ankafuna mwini wake adinde chala. M'nyumba munatsala madeya okwana mbale imodzi. Ndinagwada kuwachonderera.

"Amayi, mufa ndi njala."

"Njala ndaipirira zaka zambiri, mwanangu. Koma kukaima pamaso pa azibambo amene aona mutu wanga pa foni, iyayi."

Kenako anandiyang'ana.

"Chikundizunguza n'chimodzi. Wojambulayo sindinamuone. Ndinaona iwe wekha pambali panga, ndiye ndinati ndili pabwino."

Lole inabwerera tsiku limenelo chimanga chawo chili momwemo.

Anzanga, mpaka lero sindinalimbe mtima kuwauza kuti amene anadina ndine.