Mayi Hafu Achita Selo Yawo

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso cha kuntchito. Mumsewu monse ankadziwika kuti Mayi Hafu, ndipo ankavomera bwinobwino, chifukwa dzinalo sanalitole pansi ayi, analikhetsera thukuta. Chinthu chikangolembedwa kuti mtengo watsika ndi hafu, miyendo yawo inkayamba yokha ulendo, mutu n'kumatsatira pambuyo.

Ntchito yawo inali yosita zovala pa shopu yochapira. Tsiku lonse ankakhala chiimire, simbi ikupuma nthunzi, iwo akuyamba ndi kolala, kenako mikono, kumsana pomaliza. Buluku likachoka m'manja mwawo, mwini wake ankachita kuopa kukhala pansi kuti angawononge mzere. Koma taonani zodabwitsa: mayi amene ankasitira zovala zake zonse kuntchito anali ndi simbi zisanu kunyumba, zonse zili m'makatoni, palibe ndi imodzi yomwe inalawapo magetsi.

Ankakhala kuseri kwa shopu ya wometa, m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Bambo wakunyumba anapita kalekale, ana panalibe. Chipinda chimodzi ankagonamo iwo, chinacho munkagona katundu. Munali maketulo, mapoto omwe anali asanaonepo moto, mafani atatu, makatani a mawindo omwe nyumbayo inalibe, makina ofinyira zipatso, ngakhale chipewa cha njinga yamoto, pamene iwo njinga yakapalasa yomwe sankaidziwa kupalasa. Chitseko chinkatseguka pang'ono chabe, mwina poti n'kulowetsa mkono ndi katoni yatsopano.

Wometa, bambo wamfupi wapakamwa posatopa, akawaona akubwera atasenza ankaimitsa makina pamutu pa munthu.

"Mayi Hafu, lero ndiye mwatigulira chiyani?"

"Ketulo, achimwene. Hafu!"

"Nanga ya mwezi watha ija?"

"Ija inali yoyera. Iyi ndi yofiira."

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," wometa ankatero, n'kubwerera pamutu paja.

Anthu ankaseka, iwonso ankaseka. Koma zoona zake n'zakuti m'nyumba muja munali zii, ndipo Mayi Hafu ankasungulumwa. Pamzere wa selo, podikira katundu wotsitsidwa mtengo, pamakhala anthu, pamakhala nkhani, munthu wosamudziwa amakusungira malo ukapita kukamwa madzi. Ndiye ukamabwerera utakumbatira katoni, sulowa m'nyumba wekha.

Chaka chimene ndikunenachi, achemwali awo anaferedwa mwamuna. Achemwaliwa anali akulu awo, amene anawabereka kumsana ali khanda, munthu wosachulutsa mawu koma wa diso loona zonse. Mwana wawo wamwamuna, yemwe ankagwira ntchito kutali kwambiri, anafuna kuwatenga kuti azikakhala nawo kumeneko. Mayi Hafu atamva, anadziwa kuti achemwali akakwera basi imeneyo, basi, azidzangomvana pafoni mpaka mmodzi adzaike mnzake. Anawaitana kunyumba, nawaphikira tiyi mu ketulo yakale yotsuwa ija, poti zatsopano ankazimvera chisoni.

"Achemwali, kutaliko mukatani? Bwerani tizikhala kuno. Chipinda chilipo."

Achemwali anaika kapu pansi, napita kukakankha chitseko chija. Chinatseguka pang'ono n'kuima, m'kati china chake chinagwa kuti khu. Anasuzumira ndi diso limodzi, nabwerera pampando.

"Iwe, muli kale eni ake umu. Ine sindilanda malo a maketulo."

"Ndichotsa, achemwali."

"Unatero chaka chatha, ndipo nthawi imeneyo chitseko chinkatseguka mpaka pakati." Anamwa tiyi wawo. "Mwana adzanditenga tchuthi chikatha. Ndidzadutsa kudzakutsanzika m'mawa mwake mwa selo yanu yaikuluyo, ngati udzakhale utatuluka wamoyo."

Selo yaikuluyo inali ya pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka, pa sitolo yaikulu ya kumapeto kwa msewu wawo womwewo. Kwa Mayi Hafu tsikuli linali ngati ukwati wa mwana wawo: ankapempheratu tchuthi kuntchito, nsapato zafulati n'kuziikiratu pakhomo.

Ulendo uno anayamba ndi kutulutsa katundu. Anayala zonse pa matebulo obwereka, pambali pa shopu ya wometa, n'kumauza aliyense wodutsa kuti, "Tengani, n'zaulere." Mukuganiza kuti anthu anathamangira? Ayi ndithu. Mayi wina ananyamula fani, naitembenuza, nainunkhiza ngati nsomba, n'kuibwezera. Bambo wina anafunsa kuti mwini wake wa zinthuzi anamwalira ndi matenda anji. Ambiri ankangowonjezera liwiro, maso kumbali. Dzuwa linalowa katundu ali chikhalire, kupatula kapu imodzi yomwe wometa anatenga chifukwa cha manyazi.

"Anthu akuopa, mayi," anatero wometa. "Akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Anayesanso masiku otsatira, zomwezo. Tsiku la selo linafika chipinda chikadali chodzaza, poti madzulo aliwonse ankabwezeramo katundu yense. M'mawa umenewo mzere wa pa sitolo yaikulu unatalika mpaka kudutsa pa khomo la wometa. Mayi Hafu anaima pageti, nsapato zafulati zili kuphazi, miyendo ikuyabwa. Anzawo a pamzere ankawakodola kuti malo awasungira. Iwo anagwiritsitsa chitsulo cha geti, n'kumayang'ana anthu aja mmene ankasololera makosi kuti aone chitseko chotseka cha sitolo, mmene ankanong'onezana kuti akuti mafani abwera ochepa. Apa ndi pamene nzeru inawabwerera. Matenda a anthu amenewa ankawadziwa bwino, poti anali awo omwe.

"Achimwene, ndibwerekeni chingwe, ndi mansalu anu ometera aja."

Anatulutsanso matebulo, koma ulendo uno anawaika m'kati mwa geti, katundu yense n'kumuphimba ndi nsalu, kungosiya kamlomo ka ketulo yofiira kakusuzumira. Pageti anamangapo chingwe. Wometa anamuimika pamenepo, atapinda manja ngati mlonda. Atatero anangokhala phee, osaitana munthu.

Sipanapite nthawi, mayi wina wa pamzere anafunsa kuti, "Kodi umo muli chiyani?"

"Sitinatsegule," anayankha wometa, osamuyang'ana n'komwe.

"Mutsegula nthawi yanji?"

"Zimenezo akudziwa ndi abwana. Koma n'zochepa, ndipo munthu aliyense chimodzi basi."

Mawu akuti zochepa anayenda mumzere ngati moto wa paudzu. Anthu anayamba kuchoka pamzere waukulu kudzaima pa chingwe cha wometa. Wina anafunsa mtengo, Mayi Hafu anati oyambirira salipira, ndipo sananame, poti onse anali oyambirira. Atakoka nsalu zija, wometa n'kumasula chingwe kuti alowe atatu atatu, kunali fumbi lokhalokha. Bambo uja wofunsa za matenda anatuluka atavala chipewa cha njinga yamoto, akumwetulira ngati wapambana mpikisano. Mayi uja wonunkhiza fani analimbirana fani yomweyo ndi mnzake mpaka kutukwanizana. Mayi Hafu anali pakati, akufuula ndi mawu omwe anawamva zaka zonsezi, "Zatsala pang'ono! Zikatha zatha!"

Anafuula mpaka anadzikhulupirira okha. Itatsala simbi imodzi patebulo, mtsikana wina atangoitambasulira dzanja, Mayi Hafu anailumphira n'kuigwira mbali inayo.

"Ndinayamba kuiona ndine!"

"Ayi mayi, ndagwira kale!"

Anakokana ndithu, katoni n'kung'ambika, mpaka wometa anachita kukhala pansi ndi kuseka.

"Mayi Hafu! Mukulimbirana katundu wanu yemwe!"

Anaisiya. Manyazi anawagwira, kenako phwete linawaphulika, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu yometera. Mtsikana uja anathawa nayo simbi osacheuka.

Dzuwa lisanafike pamutu, chipinda chinali mbee. Anasesa, nakolopa, natsegula windo lomwe anali ataliiwala kuti lilipo. Chitseko chinatseguka mpaka kukagunda khoma. Anaima pakati pa chipindacho akupuma mokhutira, n'kumaona m'maganizo pomwe achemwali adzaike chikwama, pomwe adzapachike zovala, pomwe adzagone. Adzagona pati? Zaka zonsezi akugula za hafu, sanagulepo bedi lachiwiri, ngakhale matiresi.

Anathamangira ku sitolo yaikulu kuja. M'kati munali ngati mwadutsa chimphepo, makatoni ong'ambika pansi, nsapato imodzi ya munthu ili payokha. Mnyamata wogulitsa anati mabedi anatha m'mawa, matiresi omwe, ena abwera tchuthi chikatha. Potuluka anadutsa mulu wa maketulo obiriwira, mtundu umene analibe, olembedwa hafu ndi zilembo zikuluzikulu. Anawayang'ana, koma miyendo sinapotoke. Mlonda wa pakhomo, yemwe ankawadziwa, anatambasula dzanja kuti aone lisiti, n'kupeza manja ali lende.

"Mayi, mwadwala?"

"Mwina ndachira, mwanangu," anatero, koma nkhope inali yakugwa. Ankaona kuti ntchito yonse ija yapita m'madzi. Munthu wamkulu ungamuitane kudzakhala nawe n'kumulozera simenti?

M'mawa mwake achemwali anafika ndi chikwama chaching'ono, monga munthu wodzatsanzika. Sanadikire tiyi. Analunjika pa chitseko chija, nachikankha ndi mphamvu ngati kale, moti chinakamenya khoma iwo n'kutsala pang'ono kugwera m'kati. Anaima, nayang'ana makoma anayi, windo, dzuwa lili pansi.

"Eni ake aja apita kuti?"

"Asamuka, achemwali." Mayi Hafu anali kumbuyo, akupotokola nsonga ya diresi. "Koma ndikuuzeni zoona, bedi palibe. Ndinapita mochedwa, ndinapeza atha. Pepani. Ndinagula zonse za padziko lapansi, kupatula chimene chikufunika."

Achemwali anaika chikwama pakona. Anayenda pang'onopang'ono kufika pawindo, nabwerera, ngati munthu woyeza munda. Kenako anasuzumira m'chipinda chinacho, momwe munali bedi la Mayi Hafu.

"Ili si bedi?"

"Ndi langa, koma ndi limodzi."

"Nanga tili ana tinali ndi angati?"

Mayi Hafu anagwetsa misozi, ndipo ya ulendo uno sinali ya kuseka.

"Usandilirire ngati ndafa, iwe," anatero achemwali, akuvula nsapato. "Ndibwereke foni ndimuuze mwana kuti asavutike ndi ulendo. Koma ine ndigona kukhoma, ndipo ukayambanso kuponda anthu kutulo ngati kale, ukagona pa simenti yakoyo."

Mayi Hafu anapita kukatereka madzi mu ketulo yotsuwa ija, yomwe tsopano inali yokhayo m'nyumba monse. Atatsegula kabati anapeza kuti dzulo, m'chipwirikiti chija, makapu onse anapita, kunatsala imodzi. Anatulukira pakhomo n'kufuula cha ku shopu.

"Achimwene! Kapu ija munatenga ibwere, kuno tilipo awiri!"