Nachali Anathokoza Nyemba Zisanamere

Mayi Lines Nachali a ku Kaseye ndinawadziwa chifukwa anakana kundigulitsa nyemba. Chinali chaka changa choyamba kuno ku Chitipa, nditachoka kwathu ku Ntcheu kutsatira bambo a kunyumba amene anawatumiza kudzagwira ntchito pachipata cha m'malire. Ndinaima pamsika, ndalama zili m'manja, n'kuloza ndowa ya nyemba zokongola.

"N'zophika kapena n'zobzala, mama?" anandifunsa m'Chichewa chawo chija chokokera ku Chitumbuka.

Ndinati n'zobzala.

"Izo yayi. Izo n'za chaka chatha. Mubwere Lachisanu."

Ndinachoka ndikung'ung'udza. Wogulitsa wanji wokana ndalama? Koma Lachisanulo ndinabwerera, ndipo nyemba zimene anandipatsa zinamera zonse, phando lililonse.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, chifukwa si munthu wokonda kudzifotokoza. Anayamba geni ya nyemba mu 1994, chaka chimene tinavotera zipani zambiri. Amuna awo anapita ku Tunduma kukafuna mwayi, mpaka lero sanabwerere, ngakhale kalata. Anatsala ndi ana atatu ndi munda wosakwana ekala. Sukulu analekera sitandade 5. Chimene ankadziwa ndi nyemba basi. Ankasankha imodziimodzi palichero, n'kusunga m'mitsuko yothira phulusa, ndipo mtundu uliwonse ankauyesa kaye kuseri kwa khitchini asanaugulitse. Anthu ankachokera kutali ngati ku Wenya kudzafuna mbewu yawo. Pamsika pankamveka mawu akuti, "Nachali akati imera, imera." Ana atatu aja anakula ndi mawu amenewo, chifukwa chuma china panalibe.

Koma mayiwa ali ndi khalidwe lina limene ine ndinkawaseka nalo. Kuthokoza! Mukawapatsa madzi akumwa, amayamba apinda bondo, kuwomba m'manja, "yewo chomene, yewo," madziwo asanawalawe n'komwe. Ndinkawauza kuti, "Mayi inu, tsiku lina mudzathokoza munthu wokupatsani chiphe." Iwo ankangoti, "Kwathu chinthu suchiyang'ana mwini wake ali pompo. Umathokoza kaye." Tinkaseka tonse awiri.

Mu 2021 ndinayambitsa gulu la okushoni pa WhatsApp. Ndili ndi kagolosale ku Lufita, ndiye anthu ankabwera kudzandifunsa amene akugulitsa mbuzi, amene ali ndi njinga yakale, ine n'kutopa nazo. Gululo tinalitcha Mnada wa Lufita, potengera mmene anzathu a kutsidya kwa malire amatchulira msika wopikisana mitengo. Wogulitsa amaika chithunzi n'kunena nthawi yotsekera. Anthu amatchula mitengo, wopambana amalipira pafoni, katundu amapita panjinga yamoto. Pasanathe miyezi iwiri tinali anthu oposa mazana awiri, ndipo akamberembere analowanso momwemo. Wina anagulitsa wailesi yosalankhula, wina anapambana nkhumba n'kuzimitsa foni.

Ndiye ndinaika lamulo. Katundu akafika, wogula alembe mawu pagulu tsiku lomwelo, wogulitsanso alembe za wogulayo. Wosalemba ndimchotsa. Ndinkati anthu akachedwa amaiwala, ndipo ndinkadziona wanzeru kwambiri ndi lamulo langalo. Sindinaganize kuti wailesi umaiyesa tsiku lomwelo, koma mbewu imafuna sabata.

Nachali analowa pagulupo chifukwa ndinawakakamiza ine. Kulemba pafoni kumawachedwetsa, ndiye ankajambula mawu awo n'kutumiza. Anthu ankawamvetsera ngati nkhani za pawailesi.

Mu Januwale 2022, a Anock Silungwe anaika ndowa ziwiri za nyemba za kabulangeti. A Silungwe ndi mlimi komanso wamalonda wa kuno ku Lufita, munthu waulemu wake, wa jekete ngakhale kukutentha. Mwana wawo wamwamuna anakwatira Tiwonge, chitsiriza cha Nachali, ndipo Tiwonge ankakhala pakhomo pa a Silungwe pomwepo, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Choncho awiriwa ndi asewele. Chaka chimenecho kabulangeti wa Nachali anali atafumbwa, ndiye mayiwo anapikisana nawo pamitengo ndipo anapambana.

A Silungwe sanatume wanjinga yamoto. Anapalasa okha mpaka ku Kaseye, n'kukhala pakhonde, n'kumwa tiyi. Nyembazo zinali zonyezimira bwino. Atatsala pang'ono kunyamuka anati, "Asewele, tinenereni mawu pagulu paja. Amake Chifundo amachotsa anthu, mukudziwa."

Amake Chifundo ndi ineyo.

Kodi mayiyo akanatani? Sewele wawo ali pakhonde, wapalasa mtunda wonsewo, lamulo langa likuti lero lomwe. Anatenga foni n'kunena kuti, "Yewo chomene asewele a Silungwe. Mbewu yafika, yabwino nadi." Kwa iwo kunali kuthokoza mlendo. Kwa anthu mazana awiri aja kunali kuti Nachali wati imera.

A Silungwe mawu awo onena za wogula sanalembe, chonsecho Nachali anali atalipira nthawi yomweyo. Nditawakumbutsa anangoti, "Tilemba, mama, tilemba." Ndinawasiya poti ndi akulu. Wachinyamata ndikanamchotsa tsiku lomwelo, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka pano.

Patangopita masiku awiri, a Silungwe anaika ndowa makumi atatu za kabulangeti yemweyo, kutseka Lachitatu la sabata yotsatira, 12 koloko masana. M'mawa uliwonse ankatumizanso pagulu mawu a Nachali aja. "Yabwino nadi, yabwino nadi," foni iliyonse ku Chitipa kuno inkayankhula zomwezo. Mitengo inakwera ngati nyemba zatha m'dziko.

Lachiwiri m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti okushoniyo itseke, Nachali anafika pagolosale panga pa kabaza. Sanapereke moni wawo wa "mwaghona," sanapinde bondo. Anamasula kansalu pakauntala. Munali nyemba zofukulidwa m'dothi, zotupa, zonunkha.

"Ndinabzala makumi awiri kuseri kwa khitchini," anatero. "Zamera zitatu."

Anaswa ina youma ndi mano n'kundionetsa mkati mwake. Munali mwakuda. Anati nyembazo zinanyowapo ndi mvula, wina n'kuziumitsanso, n'kuzipaka mafuta ophikira kuti ziwale. Kaya anachita ndi a Silungwe, kaya iwonso anapusitsidwa kumene anakagula, zimenezo sindikudziwa ndipo sindinena.

"Nenani pagulu pompano!" ndinakuwa. "Mawa anthu agula!"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Mama, mwana wanga akudya pakhomo paja. Mwezi wamawa achira. Ine ndiime pamaso pa anthu mazana awiri kunena kuti apongozi ake akugulitsa zowola? Sewele sumuyalutsa pagulu. Ndipite kaye ndikawaone, achotse okha."

Ndinawakalipira, ndinawauza kuti ulemu wawowo upha anthu ndi njala. Koma tamverani za ine wokalipirane. Ndine admini. Ndikanatha kuimitsa okushoniyo ndi chala chimodzi. Sindinatero. Ndinaopa kuti anena kuti mayi wa ku Ntcheu wabwera kudzanyoza eni dera, ndipo ndinadzinamiza kuti mawuwo ndi a Nachali, awabweze okha. Tonse awiri tinakhala chete, aliyense ndi mantha ake.

Tsiku lomwelo Nachali anapita kwa a Silungwe, n'kuuzidwa kuti apita kumalire. Lachitatu m'mawa anapitanso, sanawapeze. Pa 12 koloko ndinaona ndi maso anga ndowa makumi atatu zikupita kwa anthu khumi ndi anayi, ndipo mtima unandiwawa ngati ndaba ndine. Lachinayi anawapeza. A Silungwe anawalandira bwino, anawapatsa mpando, n'kuwauza kuti vuto ndi dothi la kuseri kwa khitchini, madzi amadikha pamenepo. Tiwonge ndi amene anabweretsa tiyi, akuyenda movutika, osayang'ana amayi ake kumaso.

Lachisanu m'mawa mawu a Nachali anafika pagulu. Ndimawakumbukira onse.

"Ndine Nachali wa ku Kaseye. Mawu amene ndinanena pa kabulangeti wa a Silungwe ndinanena ndisanayese. Ndinalakwa. Ndayesa, sakumera. Amene simunabzale, musabzale. Phepani chomene."

Sipanathe mphindi khumi. A Silungwe anatulutsa mawu awo aja amene ankasunga masiku onsewa. Analemba kuti: "Za wogula Nachali. Sabata yatha anati mbewu yabwino, lero akuti yoipa. Bodza ndi liti? Mayiwa amagulitsanso nyemba, ndiye dziwani chimene chikuwapweteka."

Mayo ine! Gulu linagawikana pakati. Ena ankati Nachali ndi wansanje, ena ankati anagwirizana ndi sewele wawo kuti adye limodzi, zitavuta n'kudzichotsa. Onani, mbali zonse ziwiri zinkamutcha wabodza munthu amene kwa zaka pafupifupi makumi atatu sananamizepo munthu ngakhale pa kambale kamodzi ka nyemba. A Silungwe ndinawachotsa pagulu madzulo ake, koma zinathandiza chiyani? Tiwonge sanathamangitsidwe, ayi. Anangoimbira amayi ake n'kuwauza kuti asavutike kubwera kudzadikirira kuchipatala, apongozi ake aakazi adzakhalapo.

Lamulo lija ndinalisintha sabata yomweyo. Tsopano wogulitsa amalemba za wogula akangolandira malipiro, osadikira kumva kaye zimene wogula anene. Wogula anganene kuti katundu wafika, koma zoti ndi wabwino amanena atamuyesa, ndipo ikakhala mbewu amadikira imere. Anthu anandiyamikira kuti ndaganiza bwino. Ndinkafuna kuwalavulira, chifukwa nzeru zimenezo ndinazigula ndi dzina la munthu wina.

Mwa anthu khumi ndi anayi aja, ambiri anali asanabzale. Koma panali Loveness Nyakaonga wa ku Wenya, mayi wa ana anayi, amene anatenga ndowa zitatu. Malemu amayi ake ankagula mbewu kwa Nachali kuyambira kale, iye ali kamtsikana konyamula thumba. Patatha masabata awiri anandiimbira kuti akufuna kuonana ndi Nachali pagolosale panga. Anayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, n'kukwera matola.

Nachali anafika msanga, atanyamula thumba la mbewu yawoyawo, kholophethe woyesedwa kale, wokwanira munda wonse wa Loveness. Anali ataonda m'masabata awiriwo moti ndinachita mantha. Ndinawatulutsira mipando kuseri.

Loveness sanabwere ndi ndewu. Ine ndinkayembekeza kuti atukwana, ndipo mwina zikanakhala bwino akanatukwana. Anagwada, anapereka moni mwaulemu wonse, anafunsa za ku Kaseye. Kenako anati, "Mama, m'munda monse mwamera udzu wokha. Koma sindinabwerere zimenezo. Munthu amalakwitsa. Ndabwera kudzafunsa chinthu chimodzi. Munadziwa liti kuti sizimera?"

Ndinayang'ana Nachali, mumtima ndikuti nenani Lachisanu, mayi inu, ndani akutsutseni? Ine sindikanatsegula pakamwa.

"Lachiwiri," anayankha.

"Ine ndinapambana Lachitatu," anatero Loveness. "Zinafika madzulo ake. Ndinabzala Lachinayi, ine ndi ana anga, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Foni yanga inali m'thumba tsiku lonse, mama. Inali yoyaka."

Apa ndinalowerera, ndinati nanenso ndinadziwa Lachiwiri lomwelo, mlanduwu ndi wanganso. Loveness sananditembenukire n'komwe. "Inu sindinagule chifukwa cha mawu anu," anatero.

Nachali anakankhira thumba lija patsogolo pake. "Mwana wanga, tenga iyi. Ndayesa ndekha, zamera makumi awiri mwa makumi awiri. Mvula ikadalipo, ukabzala sabata ino upeza kanthu. Sindikufuna kalikonse."

Loveness analiyang'ana thumbalo, ndipo ndikhulupirira ankadziwa kuti mbewuyo ndi yabwino. Anaimirira n'kukonza chitenje chake.

"Sungani, mama. Ndikagula kumalire, kwa anthu osawadziwa. Iwo akandinamiza sizindipweteka chonchi."

Anatsanzika bwinobwino n'kupita kukadikira matola. Nachali anakhala pampando paja mpaka dzuwa linafika pamutu, osalira. Kenako anaitana kabaza n'kubwerera ku Kaseye chimanjamanja.

Pamsika amakhalabe Lachisanu lililonse, pamalo awo omwe aja. Munthu akawafunsa ngati mbewuyo imera, amangoti, "Kayeseni nokha." Thumba la kholophethe lija lidakali kuseri kwa kauntala yanga. Ndawakumbutsa katatu, sanabwere kudzalitenga.