Pepani Amene Anandibweza ku Kapondo

Ntchito ya m'nyumba yagalasi yolereramo mbewu ndinaipeza chifukwa cha mtedza, osati chifukwa cha nzeru za m'kalasi. Ndinali nditatha miyezi iwiri pa yunivesite ina kumpoto kwa Mangalande, komwe ndinapita kukachita digiri yachiwiri ya zaulimi. Inali nthawi ija matipate atangobwera kumene, pamene mabungwe akunja anayamba kupereka mwayi wa sukulu ngakhale kwa ife amene tinalibe amalume ku likulu. Ndisanapite ndinali mlangizi ku Mkanda, mzimayi wa njinga yakapalasa ndi chipewa cha mlaza, ndipo kwathu ndi ku Kapondo.

Tsiku lina m'kalasi, mphunzitsi wina dzina lake Dokotala Ward, mayi wamtali wosakonda kuseka, anationetsa chithunzi cha mtedza wopinimbira, masamba ake achikasu atakwinyika. Anafunsa ngati alipo amene anauonapo ndi maso m'munda. Ine ndinakweza mkono n'kunena kuti kwathu timati kadukutu, kuti amabwera ndi nsabwe za m'masamba, ndipo amakonda mtedza wobzalidwa mochedwa ndi motalikana. Ndinawonjezera kuti chaka china anawathera bambo anga munda wonse wa chalimbana. Titaweruka mayiyo anandiitana.

"Ndikufuna munthu woudziwa mtedza ngati mmene ukuudziwira iwe," anatero. "Uzindithandiza maola ochepa pa sabata, ndipo kafukufuku wako wa digiri udzachitira momwemo. Ndidzakuyang'anira ndine."

Ndinalembera kalata bambo tsiku lomwelo. Ndinawauza kuti kadukutu amene anawaliza uja ndi amene wandipezera ntchito kwa azungu.

Nyumba yagalasiyo inali ndi zipinda zinayi, ndipo chathu chinali chachitatu. Mtedza sufuna kuzizira, tsono m'dziko limene ngakhale agalu amavala majuzi, moyo wake wonse unali pa hita imodzi yaikulu ya magetsi imene inali pakona. Pulagi yake inali pa soketi ya pafupi ndi chitseko, ndipo pamwamba pake anamatapo pepala lofiira loletsa kuizula. Ntchito yanga inali iyi: ndikalowa, ndiwerenge choyezera kutentha n'kulemba m'buku lopachikidwa kuseri kwa chitseko, nthawi ndi dzina langa. Kenako ndiike mphika uliwonse pa sikelo, ndione madzi amene achepa, ndiwonjezere ndi kapu ya mizere mpaka singano ifike pomwe inalembedwa. Lachitatu lililonse ndinkatenga kaburashi kofewa, n'kumasuntha nsabwe imodziimodzi kuchoka pa mtedza wodwala kupita pa wamoyo, m'timakola ta neti. Munthu amene ndinakula ndikupha nsabwe, ndinapezeka ndikuziweta ngati nkhuku.

Mbewuyo anaisonkhanitsa kuchokera m'maiko angapo, ndipo Dokotala Ward anali atatha zaka ziwiri akuikwatitsa kuti apeze mtundu wopirira kadukutu. Miphika yanga ya kafukufuku inali pa benchi ya kumapeto. Popanda miphika imeneyo ndi siginecha ya mayiyo, digiri panalibe. Ukangolemba mayeso a m'kalasi okha osachita kafukufuku, ankakupatsa dipuloma n'kukuonetsa njira ya ku bwalo la ndege.

Munthu wina amene ndinkagwira naye anali a Colin, bambo wa imvi amene ankasamalira zipinda zonse zinayi. Anali atakhalapo zaka zambiri, anali ndi makiyi awoawo, ndipo m'buku sankalembamo. Ankati buku ndi la ana asukulu. Sanali munthu woipa mtima, amenewo ndisawanamizire. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuvala masokosi awiriawiri, ndipo tiyi ankandipangira.

Loweruka lina m'nyengo yachisanu inali nthawi yanga yothirira. Ndinalowa m'mawa, ndinawerenga kutentha, zonse zili bwino, ndinathirira, ndinasaina, ndinakhoma. Lachisanu lake a Colin anali atandiuza kuti Lamulungu abwera kudzatsuka pansi ndi makina awo aja opopa madzi mwamphamvu, poti mkati mwa sabata anthu amawapingapinga. Makinawo chingwe chake chinali chachifupi. Kamodzi konse ndinawaonapo atazula pulagi ya hita kuti alumikize makinawo, n'kudzaibwezera atamaliza.

Lolemba m'mawa nditatsegula chitseko, mphepo yozizira inandimenya kumaso. Pulagi ya hita inali gone pansi, pa simenti yoyera mbee. Mtedza wonse unali utagwa m'miphika, masamba akuda bii ngati nkhwani wofutsa. Nsabwe m'timakola zinali zitafa. Ndinaima pamenepo osadziwa choyamba kugwira, ndipo ndisanasunthe Dokotala Ward analowa.

Mayi uja sanakuwe. Anayenda benchi ndi benchi akukhudza masamba, kenako anakhala pa ndowa yovundikira n'kugwira kumutu. Zaka ziwiri zinali zitathera pamenepo. Ine ndinamumvera chisoni kwambiri, mpaka za miphika yanga ndinaziiwala. Ndiye ndinachita zimene mwana aliyense woleredwa bwino wa ku Kapondo akanachita. Ndinapinda mawondo pang'ono, ndinagwira manja pamodzi, maso ndinayang'ana pansi, n'kunena liwu lachingerezi lija timalitenga ngati pepani.

"Sole, adokotala. Sole kwambiri. Sole."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. "Chabwino, Felista," anatero motsitsa mawu. "Bola wanena wekha."

Ine ndinamva ngati akuthokoza. Ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa masamba.

Kwathu munthu akapunthwa pa chitsa umati pepani, ngakhale chitsacho sunabzale ndiwe. Mbuzi ya mnzako ikafa, pepani. Pamaliro timanena pepani tsiku lonse, ndipo palibe amatigwira kuti ndife tapha. Chingerezi chathu cha ku sekondale chinangotenga pepani ameneyu n'kumuveka jekete. Palibe mphunzitsi ngakhale mmodzi, kuyambira sitandade wani mpaka ku koleji, amene anandiuza kuti kwa eni chinenerocho, ukaima pambali pa chinthu choonongeka n'kunena sole katatu maso ali pansi, ndiye kuti wavomera mlandu. Anatiphunzitsa mitsinje ya ku Canada, koma ichi ayi.

Patatha masiku atatu anandiitana ku ofesi ya mkulu wa dipatimenti. Munali mkuluyo, Dokotala Ward, ndi mayi wina wolemba. Buku lija linali patebulo, lotsegulidwa pa Loweruka, dzina langa lili lomaliza.

"Kodi Lolemba unapepesa kwa Dokotala Ward?" anafunsa mkuluyo.

"Inde, bwana."

Wolemba uja analemba. Ndinafotokoza kuti pulagi sindinaigwire, kuti ndinasiya hita ikulira, ndipo kuti kwathu timapepesa munthu akaona zovuta.

"Ngati sunalakwe, unapepesa chiyani?"

Ndinafotokozanso, za chitsa, za mbuzi, za maliro. Anamwetulira kumwetulira kwawo kuja kosaonetsa mano, kumene munthu amamwetulira mwana akamanama mochenjera. Kenako mkuluyo anati, "Ndiyang'ane ukamalankhula." Ndinayesetsa, koma khosi linakana. Zaka makumi atatu zophunzira kuti wamkulu sumutong'olera maso sizingathe m'mphindi imodzi. Iwo anaona munthu wamanyazi ndi tchimo lake.

Dzina la a Colin ndinalitchula mochedwa, ndiponso monyinyirika, chifukwa kuneneza munthu wa imvi pa chinthu chimene sunamuone akuchita n'kolemera pakamwa. Ndinangoti mwina afunsidwe ngati anabwera Lamulungu. Mkuluyo anati anawafunsa kale, ndipo ati sakukumbukira kuti analowa chipinda chachitatu. Ndinafuna kunena kuti simenti siidzitsuka yokha. Ndinazinena mumtima, ndipo mpaka lero ndimadziluma lilime kuti bwanji sindinazitulutse.

Sanandichotse sukulu, ayi, iwo sachita zinthu mwankhanza choncho. Anangondilanda kiyi, mwaulemu. Dokotala Ward analemba kuti sangathenso kuyang'anira munthu amene wasintha mawu ake. Ndinagogoda pa zitseko za aphunzitsi ena atatu, ndipo aliyense anali ndi ophunzira okwanira kale. Bungwe limene linanditumiza linati silingawonjezere nthawi. Ndinalemba mayeso, ndinakhoza bwino lomwe, n'kupatsidwa dipuloma. Kwa eni kulibe mkuwe.

Miyezi yotsalayo ndinalizonda liwu lija la sole ngati mdani. Ndinaona kuti iwo akamamvera munthu chisoni amalikulunga m'mawu ena ambiri, kuti zidziwike kuti iwo sizikuwakhudza. Ndinadziphunzitsa kulimeza. Mnzanga wa m'chipinda ataswa kapu ndinangoyang'ana. Gogo wina ataterereka pa madzi oundana pamaso panga, ndinamudzutsa osanena kanthu, ngati chitsiru.

Tsiku lomaliza ndinapita ku dipatimenti kukabweza mabuku. Mu khonde ndinakumana ndi a Colin, atanyamula paipi yothirira. Kuyambira tsiku la mlandu anali akundizemba, ndipo ine ndinkaganiza kuti akuchita manyazi kuoneka ndi munthu wochotsedwa ntchito. Anaika paipi pansi. Nkhope yawo inafiira mpaka m'makutu, maso ali pa nsapato zawo.

"Felista," anatero. "Sole. Sole kwambiri."

Ndipo ine, ndi sukulu yonse ya miyezi ija, ndinayankha ngati ndili pa chitsime ku Kapondo. Mtima wanga unasungunuka kuti mwa anthu onse aja wapezeka mmodzi wondipepesa ngati munthu. Ndinawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Musadandaule, bambo Colin. Zimachitika. Si inu."

Anatola paipi yawo n'kumapita.

Sindinazindikire tanthauzo la sole wa a Colin m'ndege, kapena ku Lilongwe. Ndinazindikira m'minibasi ya ku Mchinji, titadutsa pa Kamwendo, nditapanikizika pakati pa thumba la sopo ndi mayi wina wa geni amene ankapita ku boda. Kondakitala anaponda phazi la mayiyo n'kungokhala chete, ndipo ife tonse ena, amene sitinamuponde, tinati pepani. Pomwepo nkhope yofiira ija inabwera m'maso mwanga. A Colin si a ku Kapondo. Mzungu wa imvi sayang'ana nsapato zake n'kunena sole kawiri chifukwa cha chitsa chimene sanabzale. Munthu uja anandibweretsera mlandu wake m'manja, ofesi ya mkulu ili masitepe khumi kuchokera pomwe tinaima, ine n'kumuuza kuti si iye. Liwu limodzi lomwelo linandigwetsa kawiri: poyamba iwo anamva langa m'chizungu, kachiwiri ine ndinamva lawo m'Chichewa.

Ndinalira m'minibasimo mokweza, ndipo mayi wa geni uja, osadziwa n'komwe chimene chandivuta, anandisisita pamsana akuti, "Pepani asisi, pepani."

Bambo ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza wa mbewu. Anali atauza mpingo wonse kuti mwana wawo akubwera ndi mankhwala a kadukutu. Ndinawafotokozera zonse, ndipo anamvetsera manja osasiya ntchito. Nditamaliza anati, "Ndiye anthu amenewo mnzawo akaferedwa amati chiyani?" Kalata ndinalemba ziwiri kupita ku yunivesite kuja, kufotokoza za m'khonde muja. Yoyamba anayankha kuti nkhaniyo inatsekedwa. Yachiwiri sanayankhe. Amati mlandu suola, koma wanga unaola ndikuona.

Ndinabwerera pa njinga yanga ku Mkanda. Anzanga amene anabwera ndi digiri anakwera magalimoto a mapulojekiti, ndipo ena a iwo ndi amene ankabwera kudzandiyendera, kundifunsa ngati alimi anga akubzala mothithikana. Kadukutu ndimamudziwa kuposa onsewo, koma pepala langa ndi lalifupi.

Ana a kuno akapeza mwayi wa sukulu kunja, makolo awo amawatumiza kwa ine kuti ndiwalangize. Amayembekezera kuti ndinena za majuzi ndi zakudya. Ine ndimawauza zitatu. Polowa ndi potuluka, lemba m'buku, ndipo uonetsetse amene salemba. Wamkulu akakufunsa, muyang'ane m'maso ngakhale khosi liwawe. Ndipo pepani wako umusiye pa bwalo la ndege, udzamutenga pobwera. Chinthu chikaonongeka usanene kanthu kufikira atakufunsa. Koma mmodzi wa azunguwo akadzabwera yekha, maso ali pansi, n'kukuuza kuti sole, usadzamugwire dzanja. Udzamufunse kuti, "Mwachita chiyani?"